Lisp Ikagwa, Amaiwerenga Bwanji? Mbiri ya Kafayilo ka .gdbinit

M'chikwatu cha src, momwe mumakhala khodi ya C ya pulogalamu yolembera ya GNU Emacs, muli kafayilo kamene ambiri mwa ogwiritsa ntchito pulogalamuyi sanakatsegulepo. Dzina lake ndi .gdbinit. Popeza dzinalo limayamba ndi kadontho, pa makompyuta a Unix ndi Linux kafayiloka sikaonekera n'komwe munthu akangoitanitsa mndandanda wa mafayilo. Ntchito yake imayamba zinthu zikavuta: Emacs ikagwa, ikauma, kapena ikayamba kuonetsa zosamveka. Apa wokonza amatsegula GDB, chida chofufuzira zolakwika m'mapulogalamu, n'kuyamba kulemba timalamulo tachidule monga xtype, xsymbol, xstring, xcar, xbacktrace ndi pp.

Timalamulo tonseti tikulimbana ndi vuto limodzi. Mkati mwa Emacs muli womasulira wa chilankhulo cha Lisp, wolembedwa m'chilankhulo cha C. Zonse zikamayenda bwino, Lisp imafotokoza yokha chilichonse chimene yasunga. Ikagwa imasowa pakamwa, ndipo chotsala ndi manambala ataliatali m'memori. Kafayilo ka .gdbinit ndi kamene kamasandutsa manambalawo kuti akhalenso mayina, mindandanda ndi mawu. Vuto limeneli ndi lakale kuposa Emacs, chifukwa linabadwa limodzi ndi Lisp.

Kachipinda ka mabiti 36

John McCarthy anayamba kupanga Lisp mu 1958 pa MIT, ku Cambridge m'boma la Massachusetts ku America. Kompyuta imene anali nayo inali IBM 704, ndipo memori yake inali yogawidwa m'tizipinda ta mabiti 36. Kachipinda kalikonse kanali ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu za mabiti 15, china chotchedwa address, china decrement, kuwonjezera pa tizigawo tiwiri ta mabiti 3. Mabiti 15 ankakwanira kuloza kachipinda kalikonse mwa tizipinda 32,768, komwe kunali kutha kwa memori ya makinawo. Choncho kachipinda kamodzi kankatha kusunga maadiresi awiri: ina yoloza chinthu choyamba cha mndandanda, ina yoloza zotsala. Kachipinda kotereka kamatchedwa cons, ndipo malamulo otengera zigawo zake ziwiri, car ndi cdr, anatenga mayina awo ku zigawo za IBM 704. Makinawo anatha kalekale, koma xcar ndi xcdr zidakali mu .gdbinit mpaka lero.

McCarthy analemba function yotchedwa eval papepala, pofuna kusonyeza mwa masamu mmene Lisp ingadziwerengere yokha. Steve Russell, mmodzi mwa olemba mapulogalamu a m'gulu lake, anaona kuti eval ija ingalembedwe pamanja m'chilankhulo cha makina, ndipo anatero. Womasulira woyamba wa Lisp anabadwa motero. Za Lisp ndi eval McCarthy anazifalitsa mu Epulo 1960 m'magazini ya Communications of the ACM.

Kuyambira tsiku limenelo panali funso losathawika. Mu Lisp, malo amodzi omwewo amatha kusunga nambala pano, dzina pakapita kanthawi, kenako mndandanda. Makina amadziwa bwanji chimene agwira? Mu LISP 1.5, yomwe buku lake linatuluka mu 1962, dzina linkadziwika ndi chizindikiro chapadera: gawo la car la kachipinda kake koyamba linkakhala ndi nambala 77777 m'kawerengedwe ka octal. Ntchito yosesa memori, yomwe akatswiri amangoti GC, inali nayonso njira yake. Kachipinda kalikonse kamene kakugwirabe ntchito kankaikidwa chidindo pa biti yosonyeza ngati nambala ili pansi pa ziro, ndipo topanda chidindo tinkabwezedwa kuti tigwiritsidwenso ntchito. Makina akaima pakati pa ntchito, munthu ankatenga mapepala odzaza manambala a octal n'kumalondola maadiresi ndi pensulo, kachipinda ndi kachipinda.

Kumene chida chofufuzira chinali khomo lolowera

Pa MIT pomwepo panakulanso mwambo wina. Mu 1961 Alan Kotok analemba DDT ya kompyuta ya PDP-1, pulogalamu yolola munthu kuimitsa pulogalamu ina, kuyang'ana m'memori yake, kusintha nambala, n'kuiuza kuti ipitirize. Pa ITS, dongosolo loyendetsa makompyuta a PDP-10 a ku labu ya AI ya MIT, DDT inafika pokhala khomo lenileni: munthu akangolowa pa kompyuta, amene ankamulandira n'kumamvera malamulo ake anali DDT. Kusuzumira m'mimba mwa pulogalamu ikuyenda kunali chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Richard Stallman analowa m'labu imeneyi mu 1971 ndipo anakulira m'chizolowezi chimenechi.

Maclisp, Lisp ya pa PDP-10, inayankha funso la mtundu wa chinthu mwa njira ina yotchedwa BIBOP. Memori inkagawidwa m'masamba, ndipo tsamba lililonse linkasunga zinthu za mtundu umodzi basi. Kuti udziwe ngati adiresi ikuloza nambala kapena cons, unkayang'ana m'tebulo kuti tsamba lakelo ndi la chiyani. Guy Steele anafotokoza dongosololi mwatsatanetsatane mu 1977.

Ena anapita patali n'kupanga makina a Lisp yokhayokha. Richard Greenblatt ndi Tom Knight anamanga makina otchedwa CONS, kenako CADR, ndipo makampani a LMI ndi Symbolics anayamba kugulitsa makina otere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Pa CADR, kachipinda ka mabiti 32 kankapereka mabiti 24 ku adiresi, otsalawo n'kusunga mtundu wa chinthu ndi zina zofunika. Makinawo ankayang'ana okha chizindikiro cha mtundu pogwira ntchito. Chida chofufuzira zolakwika chinali cholembedwa mu Lisp, dongosolo loyendetsa makina nalonso mu Lisp, motero pulogalamu ikalakwa munthu ankaona zinthu zake ndi mayina ake enieni. Panalibe mpanda pakati pa zilankhulo ziwiri.

Mpandawo unabwera pamene Lisp inasamukira pa makompyuta wamba.

Lisp yokhala m'nyumba ya C

Emacs yoyamba, ya 1976, inali gulu la ma macro a pulogalamu ya TECO, ndipo Stallman ndi Steele anali m'gulu la amene anaiyamba. Mu 1978 Bernard Greenberg analemba Emacs ya dongosolo la Multics mu Maclisp, n'kuonetsa kuti Lisp ndi chilankhulo choyenera kukulitsira pulogalamu yolembera. Mu 1981 James Gosling analemba ina ya Unix m'chilankhulo cha C, yokhala ndi kachilankhulo kongofanana ndi Lisp kotchedwa Mocklisp. Stallman atalengeza ntchito ya GNU mu Seputembala 1983, anayamba GNU Emacs chaka chotsatira, ndipo mtundu 13 unatulutsidwa kwa anthu pa 20 Marichi 1985. Mkati mwake munali Lisp yeniyeni, yokhala ndi GC yake, yolembedwa mu C kuti iziyenda pa makina a Unix monga VAX ndi ena a purosesa ya Motorola 68000.

Makina amenewa sankadziwa kalikonse za Lisp. Choncho chinthu chilichonse cha Lisp chinaimiridwa ndi nambala imodzi ya mabiti 32 yotchedwa Lisp_Object. Mabiti 24 apansi ankasunga adiresi kapena nambala yeniyeniyo, 7 ankasunga mtundu, ndipo biti imodzi inali chidindo cha GC. Zili ngati matumba ofanana oimikidwa m'nkhokwe, lina la chimanga, lina la mapira, lina la nyemba, pomwe chokuuza zamkati ndi kansalu komangidwa pakamwa pa thumba. Kwa kompaila ya C, matumba onsewo ndi nambala basi.

Mu 1986 Stallman analembanso GDB, potengera dbx ya Unix ya ku Berkeley. GDB imamva C. Ukaifunsa za Lisp_Object imakuyankha zoona, koma zosathandiza: nambala yaitali yopanda tanthauzo. Mwayi wake unali wakuti GDB imalola munthu kupanga malamulo akeake pogwiritsa ntchito mawu akuti define, imakumbukira yankho lomaliza m'kadzina kachidule $, ndiponso poyamba ntchito imawerenga fayilo ya .gdbinit ya m'chikwatu chimene yayambiramo. Okonza Emacs anaika m'fayiloyo masamu amene ankachita pamutu: chotsa mabiti awa, sunga awa, tenga zotsalazo ngati adiresi ya chinthu cha mtundu wakutiwakuti. Malamulo ambiri oyamba ndi x anapatsidwa mayina ofanana ndi ma macro a C ochita ntchito zomwezo m'fayilo ya lisp.h. XSTRING inabala xstring, XSYMBOL inabala xsymbol, XCONS inabala xcons.

Mmene ntchito imayendera

Tiyerekeze kuti Emacs yagwa pa kompyuta yamakono ya mabiti 64, ndipo wokonza anaiyambitsa mkati mwa GDB ali m'chikwatu cha src. Kafayiloka kanali katakonza kale zinthu zingapo. Kanauza GDB kuti isalande chizindikiro cha SIGINT, chifukwa pa terminal Emacs imachigwiritsa ntchito munthu akadina C-g kuti aletse lamulo. Kanaikanso poimira pa terminate_due_to_signal, function imene Emacs imadutsamo ikamafa, kuti GDB iigwire memori isanafufutike.

Wokonza amalemba bt kuti aone ma function a C amene anaitanizana mpaka kufika pa ngoziyo. Zimene amaona ndi mayina omwewo obwerezabwereza, nthawi zina mazana: Ffuncall, funcall_lambda, exec_byte_code, eval_sub, kenako Ffuncall kachiwiri. Ameneyu ndi womasulira akudziitana yekha, ndipo mndandandawo sunena kuti ndi khodi iti ya Lisp imene inkayenda. Koma m'munsi mwake mumatuluka mutu wakuti Lisp Backtrace, wotsatiridwa ndi mayina a ma function a Lisp, lililonse pamzere wake. Izi ndi ntchito ya xbacktrace, yomwe .gdbinit inamangirira kumbuyo kwa bt kuti iziyenda yokha. Lamuloli limayenda pa mulu umene womasulira amasungapo zoitanizana zake, n'kumawerenga dzina la function iliyonse.

Tsopano wokonza amasankha Ffuncall imodzi n'kulemba p args[0], kenako xtype. GDB imayankha kuti Lisp_Symbol. Amalemba xsymbol, ndipo dzina la function limaonekera pakati pa zizindikiro zogwira mawu. Amapita pa args[1]. Ulendo uno xtype ikuti Lisp_Cons, ndiye kuti ndi mndandanda. Lamulo la xcar limamupatsa chinthu choyamba, ndipo popeza yankholo lalowa mu $, angathe kulembanso xtype pomwepo osakopera nambala iliyonse. Lamulo la xcdr limamusunthira kutsogolo, xlist limasindikiza mndandanda wonse. Akapeza Lisp_Vectorlike, xtype imawonjezera mtundu weniweni, monga PVEC_BUFFER kapena PVEC_WINDOW, ndipo iye amadziwa kuti lotsatira ndi xbuffer kapena xwindow. Lamulo la xpr limachita masitepe awiriwa pakamodzi: limafufuza mtundu n'kuitana lamulo loyenera.

Ozolowera ntchitoyi amafika poti nambala yomaliza yokha imawauza zambiri. Pa Emacs yamasiku ano chizindikiro chili pa mabiti 3 apansi. Symbol, kutanthauza dzina, ndi 0, cons ndi 3, mzere wa zilembo ndi 4, zonse za gulu la vector ndi 5, nambala ya kadontho ndi 7, ndipo nambala yathunthu ili ndi zizindikiro ziwiri, 2 ndi 6. M'kawerengedwe ka hexadecimal, Lisp_Object yothera ndi 3 kapena b ndi cons, yothera ndi 4 kapena c ndi mzere wa zilembo, yothera ndi 5 kapena d ndi ya gulu la vector. Nambala 42 imasungidwa ngati 170, kutanthauza 42 kuchulukitsa ndi 4 n'kuwonjezera 2, ndipo 43 imasungidwa ngati 174. Munthu wosadziwa akaona 170 m'memori angataye tsiku lonse akufunafuna kumene yachokera. Lamulo la xint limamubwezera 42 nthawi yomweyo.

Njira ziwiri zofunsira

M'kafayiloka muli mabanja awiri a malamulo, ndipo kusiyana kwawo n'kofunika kwambiri. Banja loyamba ndi la pp, pr ndi pv. Awa sawerenga mabiti okha. Amadzutsa Emacs imene yaimitsidwayo n'kuipempha kuti isindikize chinthucho ndi function yake yosindikizira. Zotuluka zake n'zokongola: mndandanda wonse, ndi timindandanda ta mkati mwake, umaoneka monga mmene wolemba Lisp angaulembere. Lamulo la pv limangofuna dzina la variable ya Lisp n'kuonetsa zimene yasunga.

Koma kufunsa wodwala kuti afotokoze matenda ake kumatheka ngati akadali ndi mphamvu zolankhula. Ngati memori yawonongeka, function yosindikizira ikhoza kutsatira adiresi yolakwika n'kugwetsanso Emacs kachiwiri, umboni woyamba n'kusokonekera. Ngati ngozi yachitika GC ili mkati, zinthu zambiri zimakhala zili ndi zidindo zimene khodi wamba siziyembekezera. Ndipo ngati chimene wokonza ali nacho ndi core dump yokha, fayilo yosunga chithunzi cha memori pa nthawi ya ngozi, palibe pulogalamu yamoyo yoti n'kuifunsa. Fayilo ya etc/DEBUG, yomwe ndi malangizo a okonza Emacs, imachenjeza za zonsezi.

Apa m'pamene banja la x limaonetsa phindu lake. Malamulo monga xtype, xint, xsymbol, xstring ndi xcons amangowerenga memori, sayendetsa khodi iliyonse ya Emacs. Ndi ochedwa, amafuna kuleza mtima, koma amagwira ntchito ngakhale pa pulogalamu yakufa. Amadziwanso za zidindo za GC. Mwachitsanzo, GC ikaika chidindo pa mzere wa zilembo imayatsa biti yapamwamba ya nambala yosonyeza kutalika kwake, ndipo xstring imayamba yazimitsa biti imeneyo m'masamu ake isanawerenge zilembo. Kupanda kutero ingaganize kuti mzerewo ndi wautali kuposa memori yonse.

Zolakwika za GC ndizo zovuta koposa, chifukwa ngozi imaonekera kutali ndi pamene cholakwa chinachitikira. Kuthandiza pa izi, fayilo ya alloc.c imasunga mndandanda wotchedwa last_marked, wa zinthu pafupifupi 500 zimene GC yazikhudza komalizira. Wokonza amabwerera m'mbuyo pa mndandandawo, chimodzichimodzi, ndi xtype m'manja, mpaka atapeza chinthu chachikulu chimene chinali ndi adiresi yovunda, kaya ndi buffer, posungira zolemba zimene zatsegulidwa, kaya ndi variable inayake. Akadziwa dzina lake ndiye kuti wapeza poyambira.

Mabiti akasuntha, kafayilo kamasunthanso

Mbiri ya .gdbinit imayenda phazi ndi phazi ndi mbiri ya Lisp_Object, ndipo chimene chinkasuntha mabiti nthawi zambiri chinali kukula kwa mafayilo a anthu. Malo a chilembo mu buffer amawerengedwa ndi nambala ya Lisp. Ndi mabiti 24, nambala yaikulu koposa inali 8,388,607, motero Emacs 18 sinkatha kutsegula bwino fayilo yoposa megabaiti 8.

Mu Emacs 19.29 ya 1995, mabiti a mtundu anachepetsedwa kufika 3, ndipo nambala inapeza mabiti 28. Malire anakwera kufika 134,217,727. Koma mabiti 3 amangopereka zizindikiro 8, pomwe mitundu ya zinthu inali yambiri. Njira yake inali kusonkhanitsa mitundu m'magulu awiri akuluakulu, Lisp_Vectorlike ndi Lisp_Misc, mtundu weniweni n'kulembedwa mkati mwa chinthucho. Kafayilo kanayenera kuphunzira kufunsa kawiri, ndipo malamulo a xvectype ndi xmisctype anabadwira pamenepo.

Emacs 22, ya Juni 2007, inachotsa chidindo cha GC mu Lisp_Object, nambala n'kupeza biti ina, malire n'kufika megabaiti 256 pa makina a mabiti 32. Inabweretsanso mwayi woika chizindikiro pansi m'malo mwa pamwamba. Maganizo ake ndi osavuta. Ngati chinthu chilichonse chayikidwa pa adiresi yogawika ndi 8, mabiti 3 apansi a adiresiyo amakhala ziro nthawi zonse, ndipo chizindikiro chingakhale pamenepo popanda kuchepetsa memori imene Emacs ingafikire. Emacs 23.2, ya 2010, inapatsa nambala zizindikiro ziwiri, zomwe zinawonjezera biti inanso n'kufikitsa malire pa megabaiti 512. Pa makina a mabiti 64 njira yomweyo imapereka mabiti 62.

Zosintha sizinathere pomwepo. Kuyambira Emacs 25.1, ya Seputembala 2016, symbol siisungidwanso ngati adiresi yeniyeni koma ngati mtunda kuchokera pa chiyambi cha tebulo la lispsym. Popeza nil ndi yoyamba patebulopo, nil inasanduka 0, zomwe zimafulumizitsa funso lofunsidwa kawirikawiri kuposa onse mu Lisp. Lamulo la xsymbol linayenera kuphunzira kuwonjezera adiresi ya tebulolo. Emacs 27.1, ya Ogasiti 2020, inabweretsa manambala opanda malire kudzera mu laibulale ya GMP, ntchito imene Tom Tromey ndi Paul Eggert anaigwira. M'mtundu womwewo gulu la Lisp_Misc linathetsedwa, zinthu zake monga ma marker ndi ma overlay n'kusamukira ku gulu la vector, ndipo chizindikiro 1 chinatsala chopanda mwini.

Nanga kafayilo kamadziwa bwanji kuti Emacs imene ili pamaso pake inamangidwa mwa njira iti? Kale fayilo ya emacs.c inkasunga ma variable apadera monga gdb_valbits ndi gdb_gctypebits, amene pulogalamu yeniyeniyo sinkawafuna. Ankakhalapo kuti GDB iwawerenge, ndipo lamulo la xreload linkawerengeranso masamu ake kuchokera pa iwo. Masiku ano ntchitoyi imachitika ndi mayina amene lisp.h ndi alloc.c zimakakamiza kompaila kuti isawataye. Masamu onse anasonkhanitsidwa m'timalamulo tapansi, xgetptr, xgetint ndi xgettype, ndipo ena onse amadalira timeneti. Mabiti akasunthanso, pokonza pamakhala pochepa.

Kupitirira Lisp

Chizolowezi chikagwira, chimafalikira. Emacs 21, ya 2001, inabwera ndi injini yatsopano yojambulira zolemba pa sikirini, yolembedwa ndi Gerd Möllmann, ndipo zamkati mwake n'zovuta kuziwerenga mofanana ndi za Lisp. M'kupita kwa zaka kafayilo kanalandira malamulo ena: pgrow yosindikiza mzere umodzi wa pa sikirini kachilembo ndi kachilembo, pit yoonetsa pamene injiniyo yafika poyenda m'zolemba, pwin yofotokoza zenera, ppt yoonetsa malo a cholozera ndi mpata wa mu buffer.

Kafayiloka kanalowanso m'mwambo wa kulandira madandaulo. Lamulo la report-emacs-bug limapempha aliyense amene Emacs yamugwera ili mu GDB kuti atumize zotuluka za bt full ndi xbacktrace. Nthawi zambiri cholakwika chimaoneka pa kompyuta imodzi yokha padziko lonse, ndipo okonza sangaifikire. Eli Zaretskii, amene wakhala mmodzi mwa oyang'anira Emacs kuyambira 2016 komanso amasamalira buku la GDB, amadziwika ndi kutsogolera anthu pa ntchito yotereyi kudzera m'makalata: pitani pa frame yakuti ya mu bt, sindikizani ichi, lembani xtype, mutiuze yankho. Popeza onse awiri ali ndi kafayilo kamodzimodzi, malangizo amakhala achidule ndipo mayankho amamveka mofanana mbali zonse.

Pali zopunthwitsa ziwiri zimene etc/DEBUG imayamba nazo. Choyamba, kompaila ikaloledwa kufulumizitsa khodi imataya ma variable ambiri, ndipo GDB imangoti optimized out. N'chifukwa chake amalangiza kumanga Emacs ndi -O0 -g3, komanso kuyatsa --enable-checking. Palinso --enable-check-lisp-object-type, yomwe imakulunga Lisp_Object mu struct kuti kompaila ikane munthu akaisakaniza ndi nambala wamba. Timalamulo tapansi tija timayang'ana ngati njira imeneyi yayatsidwa tisanawerenge. Chachiwiri, kuyambira GDB 7.5 ya 2012, GDB imakana kuwerenga .gdbinit ya m'chikwatu chimene yayambiramo popanda chilolezo, poopa kuti fayilo yachilendo ingayendetse malamulo oipa. Wokonza ayenera kulembetsa chikwatucho ndi add-auto-load-safe-path, kapena kuitana fayiloyo yekha ndi source.

Omasulira a zilankhulo zina olembedwa mu C anakumana ndi mpanda womwewo, ndipo anauboola mofananamo. XEmacs, nthambi yopatuka ku Emacs, inali ndi pobj ndi lbt. Ruby ili ndi rp m'fayilo yake ya .gdbinit, PHP ili ndi printzv ndi zbacktrace. Python inali ndi pyo ndi pystack mu Misc/gdbinit.

Python ilowa m'chida chofufuzira

Chilankhulo cha malamulo a GDB n'chosauka. Chili ndi if ndi while, koma kugwira mawu n'kovuta, ndipo ma variable ake onse ndi a pabwalo limodzi, moti lamulo lina likhoza kufufuta zimene linzake linasunga. GDB 7.0, ya Okutobala 2009, inalola kulemba zowonjezera mu Python, ntchito imene Tom Tromey yemwe uja anatengamo mbali yaikulu. Gulu la Python linalandira msanga mwayiwo: mu 2010 David Malcolm analemba libpython.py, yokhala ndi py-bt, yomwe imawerenga zinthu za Python m'memori osaitana pulogalamu yogwayo.

Emacs inatengako pang'ono chabe. Kumapeto kwa .gdbinit kunawonjezedwa kachigawo ka Python kosintha mmene GDB imasindikizira Lisp_Object. Nambala ya Lisp imaoneka ngati make_fixnum(42), ndipo china chilichonse chimaoneka ngati XIL yotsatiridwa ndi nambala ya hexadecimal. Izi zimathandiza powerenga bt full, chifukwa diso limasiyanitsa msanga zinthu za Lisp ndi manambala a C. Malamulo akale a x anatsala m'chilankhulo cha GDB, ndipo amagwira ntchito ngakhale pa GDB yomangidwa popanda Python.

Pambuyo pake kunabwera zatsopano ziwiri. Emacs 28.1, ya Epulo 2022, inayamba kusandutsa khodi ya Lisp kukhala khodi ya makina kudzera mu libgccjit, ntchito ya Andrea Corallo. Tsopano ma function a Lisp amaonekera mu bt yeniyeniyo, ndi mayina olembedwa kawiri, poyamba m'manambala a hexadecimal kenako m'zilembo. Function ya command-execute imatuluka ngati F636f6d6d616e642d65786563757465_command_execute_0. Mpanda unatsikako, koma zinthu zimene ma function amenewa amapatsirana zidakali ma Lisp_Object, ndipo xtype ikufunikabe.

Chachiwiri chikukhudza makompyuta a Apple. GDB siyenda pa macOS ya mapurosesa a Apple a mtundu wa ARM, ndipo chida chopezeka kumeneko ndi LLDB, yomwe simva chilankhulo cha .gdbinit. Gerd Möllmann, atabwerera ku ntchito ya Emacs patapita zaka zambiri, analemba fayilo ya etc/emacs_lldb.py, yomwe inatuluka ndi Emacs 29.1 mu Julayi 2023. Ndi ya Python yokhayokha. Imawerenga mabiti 3 apansi, imachotsa chizindikiro, imawonjezera adiresi ya lispsym ikapeza symbol, ndipo ili ndi xbacktrace yakeyake pamodzi ndi xdebug_print, yomwe imagwira ntchito ya pp. Kuyambira pamenepo, aliyense wosintha kaikidwe ka mabiti mu lisp.h ali ndi mafayilo awiri oti awayang'ane asanatumize ntchito yake: src/.gdbinit ndi etc/emacs_lldb.py.